Kusinthitsa Misoti ndi Ng'ombe Yapagoli

Mwezi uno tati tikambirane za mkangano umene sukalamba pakati pa anthu okonda mpira. Ligi ikangotha, matimu nayamba kugula ndi kugulitsa oseŵera, m'misika ya kwathu kuno simukhalanso bata. Pa Mponela, pa Madisi, pa Mvera, pa boma la Dowa, ngakhalenso ku Malomo ndi ku Ntchisi, mupeza anthu ataunjikana pa khonde la sitolo, wina akuti akuluakulu a timu yake achita zanzeru, wina akuti agulitsa ng'ombe pa mtengo wa nkhuku. Kaŵirikaŵiri chimene chimatsitsa dzaye ndi ichi: timu yalola kuti achoke mnyamata wamng'ono amene anthu anali kumuyembekezera kuti adzakhala katswiri, ndipo m'malo mwake yatenga munthu wokhwima kale woti aithandize chaka chomwecho. Tsono anthu amafunsana kuti, kodi malonda otere ngopindulitsa kapena ngotayitsa?

Kwa munthu amene sasamala za mpira, funso limeneli lioneka ngati lachibwana. Koma ife tiona kuti liyenera kuyankhidwa mofatsa, pakuti ndi funso lomwelo limene mlimi amakumana nalo pakhomo pake, ndiponso chifukwa anyamata amene akugulidwa ndi kugulitsidwawo ndi ana a anthu.

Funso la m'khola

Tiyerekeze munthu wa kuno kumapiri amene ali ndi ng'ombe ziŵiri zokoka ngolo ndi misoti iŵiri. M'mwezi wa Meyi, chimanga chili pa mikukwe, ng'ombe imodzi yapagoli ifa. Mnzake wa mudzi wina amuuza kuti, "Ine ndili nayo ng'ombe yozoloŵera goli. Ndipatseni misoti yanu iŵiriyo, mukaitenge lero lomwe." Akavomera, ngolo iyenda maŵa mmaŵa, chimanga chiloŵa m'nkhokwe chiswe chisanachigwire, manyowa afika kumunda, ndipo apezanso ndalama potutira anzake katundu. Komatu ng'ombe yofulidwa siiswa. Pakapita zaka zisanu idzakhala itatopa, pamene misoti ija idzakhala itadzaza khola la mwini wake watsopano. Akakana, misoti ikhalabe yake, koma chaka chino ngolo igona pansi pa mtengo, ndipo palibe angamlonjeze kuti misotiyo idzaswa, pakuti nkhupakupa ndi akuba sapangana ndi munthu.

Abale ake akamva nkhaniyi agaŵikana paŵiri. Ena adzati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo." Ena adzati, "Kuona maso a nkhono nkudekha." Miyambi yonse iŵiri ndi ya makolo athu, ndipo yonse njoona. Nchifukwa chake mlandu wotere suthetsedwa ndi mwambi. Ochemerera mpira nawonso ali m'magulu aŵiri omweŵa.

Nkhani ya ku Detroit

Kuti tione bwino, tiyambe ndi nkhani yakutali, imene mathero ake adziŵika kale, ndiponso imene siingatiŵiritse magazi monga ichitira nkhani ya Maule, Manoma kapena Mabanka. Ku America kuli maseŵera otchedwa baseball. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 9 m'bwalo. Mmodzi amaponya kampira kolimba ndi mphamvu zake zonse, ndipo wa mbali inayo amayesa kukamenya ndi chibonga kuti apeze mpata wothamanga kuzungulira bwalo. Woponyayo ndiye mzati wa timu, monga alili goloboyi wabwino pa mpira wathu, pakuti iye akalimba adani sapeza poloŵera. Timu iliyonse imaseŵera maseŵera 162 pa chaka, ndipo mkono wa munthu mmodzi sungaponye tsiku ndi tsiku. Chotero oponya abwino amasoŵa, ndipo amafunidwa ponseponse.

Matimu aakulu a kumeneko ali ndi timatimu tawo m'matauni ang'onoang'ono, mmene amaleramo anyamata. Chizoloŵezi chawo nchosinthana munthu ndi munthu. Ligi ikafika pakati, timu imene yayamba kununkhiza chikho imapereka anyamata ake olonjeza kuti ipeze woponya wokhwima, ndipo timu imene yaona kuti chaka chaikanika imapereka wokhwimayo kuti ipeze mbewu ya mtsogolo.

Mu 1987 timu ya Detroit Tigers inali pa mpikisano woopsa ndi timu ya Toronto Blue Jays. Akuluakulu ake anapita kwa timu ya Atlanta Braves, imene chaka chimenecho inali kumunsi, napempha woponya wina dzina lake Doyle Alexander, munthu wa zaka 36. A ku Atlanta anafuna mnyamata wa zaka 20, dzina lake John Smoltz, amene anali asanapondepo m'ligi yaikulu. Chaka chimenecho, m'katimu kamene anali kuleredwa, mnyamatayo anali atapambana maseŵera 4 okha ndi kugonja 10. Anagwirana chanza pa 12 Ogasiti.

Zimene zinatsatira zinaposa maloto a ochemerera. Alexander anatsogolera timu pa maseŵera 11, ndipo Detroit inapambana onsewo. M'masiku otsiriza enieni a ligi inapitirira Toronto, nimaliza patsogolo m'chigawo chake itapambana maseŵera 98, kuposa timu ina iliyonse chaka chimenecho. Munthu amene akanati malondawo ngoipa mu Okutobala 1987 akanasekedwa. Koma pa ndime yolimbirana chikho chachikulu Detroit inagonja kwa Minnesota Twins, ndipo Alexander analephera pa maseŵera ake onse aŵiri. Mu 1989 anapambana 6 ndi kugonja 18, ndipo chimenecho chinali chaka chake chotsiriza. Detroit sinafikenso pa ndime yolimbirana chikho kufikira mu 2006.

Nanga mnyamata uja? Smoltz analoŵa m'ligi yaikulu mu 1988, naseŵerera Atlanta kufikira 2008. Anatenga nawo chikho chachikulu mu 1995. Mu 1996 analandira mphotho ya Cy Young, imene imapatsidwa kwa woponya wopambana onse m'ligi yake. Pa moyo wake wonse wa maseŵera anapambana maseŵera 213, ndipo mu 2015 dzina lake linalembedwa m'nyumba yaulemu ya ku Cooperstown, mmene amakumbukiramo akatswiri a maseŵeraŵa. Choŵaŵa kwambiri kwa anthu a ku Detroit nchakuti mnyamatayo anali wakwawo, wobadwira m'chigawo cha Michigan, ndipo anakula akuchemerera timu yomwe inamperekayo. Kufikira lero ochemerera a kumeneko sanamvane. Ena amati anagula miyezi iŵiri ndi zaka 20. Ena amati popanda Alexander sakadalaŵa nkomwe chimwemwe cha 1987.

Kuweruza mwachilungamo

Tisanagamule mlandu wotere, tikumbuke kuti mvula ikakata aliyense amadziŵa tsiku limene akadayenera kubzala. Nkwapafupi kunyoza akuluakulu a Detroit lero, titaona kumene Smoltz anafika. Koma iwo sanapereke munthu wa m'nyumba yaulemu ayi. Anapereka mnyamata amene anali kugonja kaŵiri pa maseŵera atatu alionse. Chilungamo chifuna kuti tiweruze munthu ndi zimene anali kuzidziŵa tsiku limene anagwirana chanza. Tsono ife tiona kuti pali mafunso atatu amene wochemerera aliyense ayenera kufunsa asanakweze mawu.

Loyamba: kodi chikho chinalidi pafupi? Akulu anati papsa tonola, sudziŵa mtima wa moto. Mwayi wotenga chikho subwera chaka ndi chaka, ndipo timu imene yatsala phazi limodzi kuti ifike ili ndi chifukwa chomveka choperekera zambiri. Koma timu imene ili pakati pa ligi, imene ngakhale itapeza katswiri ingosuntha kuchoka pa nambala 10 kufika pa nambala 7, ikataya anyamata ake yangodya mbewu popanda njala.

Lachiŵiri: kodi chinali kudziŵika nchiyani za mnyamatayo? Ife ochemerera timaona mnyamata tsiku limodzi akuchenjerera anthu atatu nagoletsa, ndipo timamuveka ufumu pomwepo. Aphunzitsi ake amamuona tsiku ndi tsiku. Amadziŵa ngati amafika pa nthaŵi yake pokonzekera, ngati amamva uphungu, ngati bondo lake lili bwino. Tikayang'ana m'mbuyo, tonse tingaŵerenge anyamata amene ankatchuka m'maboma athu muno ali ndi zaka 17, koma pofika zaka 22 anali ataiŵalika, ena chifukwa cha kuvulala, ena chifukwa cha moŵa, ena chifukwa cha kudzitama. Nkhani ya Smoltz imakambidwa chifukwa njosoŵa. Anyamata ochuluka amene anaperekedwa pa malonda otere palibe akuwakumbukira.

Lachitatu, ndipo ili ndilo lalikulu koposa: kodi m'khola munatsala chiyani? Munthu amene ali ndi misoti khumi akapereka iŵiri kuti ngolo iyende, wachita zanzeru. Munthu amene ali ndi iŵiri yokha akachita chimodzimodzi, watseka khola lake ndi manja ake. Malonda ndi amodzi, koma wina apindula, wina alira. Chimene chinagwetsa Detroit sichinali kuchoka kwa mnyamata mmodzi kokha. Akatswiri ake anali kukalamba, ndipo oloŵa m'malo mwawo sanakwanire, kotero kuti mu 1989 timuyo inagonja maseŵera 103. Nayonso Atlanta sinakwere ndi Smoltz yekha. Inali kulera anyamata ena, monga Tom Glavine, ndipo kuyambira 1991 kufikira 2005 inatsogola m'chigawo chake maulendo 14.

Za kwathu kuno

Tibwerere kwathu tsopano. Pa mpira wa ku Malaŵi sitisinthana kwenikweni munthu ndi munthu. Pamayenda ndalama, kapena timu imabwereketsa mnyamata kwa ina. Koma funso ndi lomwe lija. Titenge chitsanzo cha Big Bullets, popeza mbiri yake njodziŵika kwa onse, ngakhale kwa amene saikonda.

Timu imeneyi inatenga chikho cha ligi zaka zisanu ndi ziŵiri zotsatizana, kuyambira 1999 kufikira 2005. Mu 2004, pamene inali kutchedwa Bakili Bullets ndipo thumba lake linali lolemera, inasonkhanitsa akatswiri okhwima pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri, nigonjetsa Orlando Pirates ya ku South Africa, nifika pa ndime ya m'magulu ya chikho chachikulu cha matimu a mu Africa, kumene inakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Amene anamvera maseŵera amenewo pa wailesi sadzaiŵala. Koma thandizo la ndalama lija litatha, akatswiri anabalalika, ndipo kuyambira 2006 kufikira 2013 timuyo sinagwirenso chikho cha ligi. Kodi ulemerero wa 2004 unali woyenera njala imene inatsatira? Ochemerera ena amati inde, ena amati ayi, monga anzawo a ku Detroit. Walira mvula walira matope.

Mu 2013 timu yomweyo inalola Gabadinho Mhango, mnyamata wa zaka pafupifupi 20 amene anali kugoletsa mochititsa mantha, kuti apite ku Bloemfontein Celtic ku South Africa. Wochemerera aliyense amene amaona mnyamata wotere akuchoka amamva ngati denga lasasuka. Koma taonani zimene zinachitika. Bullets inatenga ligi mu 2014 ndi mu 2015, iye kulibe. Naye mnyamatayo anakula. Anatenga ligi ya ku South Africa ndi Bidvest Wits mu 2017, ndipo m'chaka cha mpira cha 2019 mpaka 2020, ali ku Orlando Pirates, anagoletsa zigoli 16, nalingana ndi Peter Shalulile pokhala ogoletsa kwambiri m'ligi yonse. Mu Januwale 2022, pa chikho cha maiko a mu Africa ku Cameroon, anagoletsa zigoli ziŵiri pamene Flames inagonjetsa Zimbabwe, ndiponso chigoli chakutali chija chimene anamwetsa Morocco, ngakhale tsikulo tinagonja 2 kwa 1. Mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Pamenepa timu sinafe, mnyamata anapindula, ndipo dziko lonse linadya nawo.

Chitsanzo chachitatu ndicho chionetsa poyera chimene tikufuna kunena. Chakumapeto kwa 2018 ku Bullets kunafika mphunzitsi wa ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa, amene anali atatenga ligi ya kwawo zaka zinayi zotsatizana ndi timu ya Dynamos. M'nthaŵi yake khomo linatseguka kwa anyamata ochokera ku timu yaing'ono ya Bullets, monga Hassan Kajoke, Chimwemwe Idana ndi Charles Petro. Ena mwa anyamata a m'badwo umenewo sanakhalitse. Petro anapita ku Sheriff Tiraspol ku Moldova, ndipo Peter Banda analoŵa timu ya Simba ya ku Dar es Salaam mu 2021. Koma chikho cha ligi sichinachoke. Timuyo inachitenga mu 2018, 2019, 2021, 2022 ndi 2023. Wina akachoka, wina anali atakonzeka kale kumbuyo kwake.

Sitikunena izi kuti tikweze timu imodzi pamwamba pa zinzake. Wanderers inatenga ligi mu 2017, Silver Strikers mu 2024, ndipo iliyonse ili ndi anyamata amene inalera ndi amene inataya. Tikungoti zimene taonazi mlimi wa fodya wa kuno ku Dowa akuzidziŵa kale. Iye amafesa nazale kudambo mvula isanagwe, nathirira mmaŵa ndi madzulo dzuŵa likuswa mtengo. Mvula ikagwa amawokera. Amene anafesa nazale yaikulu angathe kugaŵira mnzake mbande, kapena kugulitsa zina, ndipo zopakiza zimtsalirabe. Amene anafesa kabedi kamodzi, mbande iliyonse imene yachoka yasiya dazi m'munda. Chotero tikamva kuti timu yathu yagulitsa mnyamata, funso lathu loyamba lisakhale lakuti, "Apita ndi ndani?" koma lakuti, "Nanga kunazale kuli ndani?"

Mtengo wa mnyamata

Tivomereze kuti pa msika wa mpira wa dziko lapansi matimu a ku Malaŵi ali kumbali ya ogulitsa. Sangapikisane pa malipiro ndi matimu a ku South Africa kapena ku Tanzania, ndipo kuletsa mnyamata kupita kumene akamlipira bwino ndi nkhanza. Tsono pamene kugulitsa sikungapeŵeke, ochemerera anzeru amafunsa za mapangano. Kodi ndalamazo zapita kuti? Ngati zathera kugula munthu wa zaka 32 amene aseŵera chaka chimodzi, misoti yasinthidwa ndi ng'ombe yokalamba. Ngati gawo lina lapita kwa aphunzitsi a ana, ku mipira, nsapato ndi maulendo a timu yaing'ono, ndiye kuti mbewu yabwerera kunazale. Kodi m'panganomo mwalembedwa kuti mnyamatayo akadzagulitsidwanso timu yake yoyamba idzalandira gawo? Matimu ochenjera m'maiko ambiri salola kusaina popanda mawu amenewo.

Palinso lamulo la FIFA, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse, limene anthu ambiri akumidzi salidziŵa. Woseŵera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku timu ya dziko lina pangano lake lisanathe, magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wake amagaŵidwa kwa matimu amene anamlera kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Koma ndalama zimenezi zimatsata zolembedwa. Timu imene inalera mnyamata koma sinalembetse ku bungwe la mpira la FAM, kapena sinalembetse dzina la mnyamatayo, ilibe umboni. Inu amene muyendetsa matimu a m'maboma athu muno, samalani kaundula wanu monga musamalira makadi a ku dibi. Mwina mwa anyamata amene akuthamanga opanda nsapato pa bwalo lanu muli mmodzi amene adzawoloka nyanja.

Mlanduwu uli pakhomo pathu

Tisaganize kuti zimenezi nza ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha. Malonda omweŵa amachitika m'midzi mwathu muno, ngakhale popanda pepala. Kukakhala chikho cha kudera, mphotho yake mbuzi, yunifolomu kapena ndalama, timu ya pamudzi imalimbana ndi anyamata ake kuyambira ndime yoyamba. Koma ikafika pa ndime yotsiriza, akomiti amasonkha ndalama, nakabwereka oseŵera atatu kapena anayi kutauni. Tsiku la chikho alendowo aloŵa m'bwalo, ndipo anyamata amene anakhetsa thukuta miyezi itatu akhala panja akuonerera. Mwina chikho chibwera, anthu navina usiku wonse. Mmaŵa mwake alendo akwera minibasi ndi ndalama zawo. Nanga mnyamata amene anakhazikidwa panja uja waphunzira chiyani? Waphunzira kuti khama lake lilibe mtengo, ndi kuti pa tsiku lalikulu akulu ake samkhulupirira. Chaka chamaŵa sabweranso ku bwalo, ndipo komiti idabwa kuti timu yatha bwanji.

Chimodzimodzinso pamene timu ya ana iloŵetsa mnyamata wamkulu wometedwa bwino ndevu, nkumtchula kuti ali ndi zaka 14. Chikho cha chaka chimenecho chingabwere, koma mwana weniweni wa zaka 14, amene malowo anali ake, watayidwa, ndipo ana onse aona ndi maso awo kuti akulu amalola bodza likakhala lopindulitsa. Pa malonda onse amene takambaŵa, aŵa ndiwo otayitsa koposa, pakuti palibe ngakhale limodzi mwa mafunso atatu aja limene lingawateteze. M'mera mpoyamba. Mabwalo a m'sukulu ndi a m'midzi ndiwo nazale ya Flames, ndipo nazale imeneyi ili m'manja mwathu.

Mnyamata si msoti

Fanizo lathu la ziŵeto lili ndi malire ake, ndipo tiyenera kuwanena. Msoti ukagulitsidwa sufunsidwa, ndipo sulira kwawo. Koma mnyamata ali ndi mtima, ali ndi makolo, ndipo ali ndi moyo wautali umene udzapitirira mpira utatha. Ife ochemerera timakangana za iye monga katundu, tikuiŵala kuti pamene ife tabwerera kunyumba kukadya nsima, iye wagona m'chipinda chachilendo m'mzinda umene sadziŵamo munthu.

Chotero kwa inu makolo anzathu tinena izi. Munthu akabwera kudzapempha mwana wanu kuti akaseŵere kutauni, musathamangire kuvomera chifukwa cha ndalama zimene waika pa mphasa. Funsani kumene mwanayo akagona, amene akamuyang'anira, ndi kumene akapitirize sukulu. Pangano lililonse liŵerengedwe mofatsa ndi munthu wodziŵa, ndipo inu musunge pepala lanu. Dziŵaninso kuti malamulo a FIFA salola kuti mwana wosafika zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zoŵerengeka zolembedwa m'malamulomo. Tsono munthu amene akulonjeza kutengera mwana wanu wa zaka 15 ku Ulaya, nafuna kuti mugulitse ng'ombe kuti mulipire ulendo, muyenera kumchenjerera. Timu yeniyeni imene yafuna mwana siipempha ndalama kwa makolo ake.

Kwa inu anyamata tinena izi. Zaka za mpira nzoŵerengeka. Oseŵera ambiri amapachika nsapato asanafike zaka 35, ndipo bondo lingathe kuthetsa zonse m'kamphindi kamodzi. Mnyamata amene wasiya sukulu ali Fomu 2 chifukwa timu ina yamlonjeza kandalama ka pamwezi wachita malonda omwe aja: wapereka misoti yake yonse kuti ngolo iyende chaka chino. Seŵerani mpira ndi mtima wonse, koma musatseke khola. Ndipo ngati timu yakutayani, kapena yakukhazikani panja chifukwa cha munthu wamkulu, musataye mtima. Kumbukirani kuti mnyamata amene Detroit inampereka anali kugonja kaŵiri pa maseŵera atatu, koma kumene anapita anapeza aphunzitsi odekha, ndipo iye mwini sanaleke kulimbikira.

Yankho lathu

Tsono kodi malonda osinthitsa mnyamata ndi munthu wokhwima ngoyenera? Ife tikuti ngoyenera pamene chikho chili pafupi, pamene odziŵa mnyamatayo aganiza mofatsa, ndiponso pamene kunazale kwatsala mbande zopakiza. Zitatuzi zikakwanira, akuluakulu a timu asanyozedwe, ngakhale mnyamatayo atadzakhala katswiri kwina, pakuti palibe munthu amene amaona zamaŵa. Koma pamene chachitatucho chasoŵa, malondawo ngotayitsa, ngakhale chikho chitabwera, pakuti chimwemwe cha Loŵeruka limodzi chagulidwa ndi njala ya zaka zambiri.

Kukangana za mpira si koipa. Kumasangalatsa, ndipo kumakhazika pamodzi atate ndi ana awo amene mwina sakadapeza nkhani yokambirana. Koma kukhale kukangana kwa anthu oganiza, kopanda kutukwana ndi kugenda miyala, kodziŵa kuti mnzako amene akuti "papsa tonola" naye ali ndi mfundo. Ndipo mkangano ukatha, amene amakondadi timu yake apite ku bwalo la sukulu ya kwawo Lachisanu madzulo, akaone ana akuseŵera, awalimbikitse, ndipo ngati angathe awagulire mpira. Kumeneko ndiko mlandu wa zaka khumi zikudzazo ukugamulidwira.